Liwu Lalitali la Anthu Awiri

Mutu 6

1. Mizere inayi ya choko

Shopu ya a Telala inkatsekedwa folo koloko masana, koma chitseko chakumbuyo sichinkakhomedwa. Apo ndi pomwe ankalowera achinyamata anayi a gulu loimba, tsiku ndi tsiku kupatula Lamulungu. Ankakankhira makina awiri osokera kukhoma, n'kusesa ulusi ndi tizidutswa ta nsalu, kenako aliyense n'kuima pamalo pake.

Malowo anali olembedwa pa simenti ndi choko cha buluu, chomwe a Telala ankalembera nsalu asanadule. Mzere wakutsogolo unali wa Chitoliro, mtsikana wotsogolera nyimbo. Dzinali anam'patsa ndi anzake kusukulu chifukwa mawu ake ankakwera osagwedera.

Kumbuyo kwake, chakumanzere pang'ono, kunkaima Phee, mwana wa mlongo wawo wa a Telala. Phee ankatha tsiku lonse atalankhula mawu osakwana khumi. Iye ndi Chitoliro anakhala desiki imodzi kuyambira ali aang'ono, ndipo chifukwa cha iye gulu lonse linkaitana a Telala kuti Malume.

Mizere iwiri yotsala inali ya anyamata. Mabingu anali wamfupi ngati situlu, koma akatsegula pakamwa mabatani a m'chitini ankanjenjemera. Wamtali ankagunda babu ndi mutu tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ankalipepesa babulo.

Anayiwa anali atangomaliza sukulu, akudikira zotsatira za mayeso. Anthu ankangowatchula kuti Ana a Telala. Loweruka lapitalo anali atapambana ndime yoyamba ya mpikisano wa magulu oimba, ndipo Loweruka likubweralo kunali ndime yomaliza.

A Telala anali ndi lamulo limodzi lokha. Wojomba Lachisanu, tsiku lokonzekera komaliza, mzere wake unkafufutidwa ndi kansanza konyowa, ndipo sankakwera nawo pa nsanja.

2. Chinsinsi cha gulu

Nyimbo yawo inkathera pa liwu limodzi lokwera, lokokedwa nthawi yaitali. Pokonzekera, a Telala ankamenya tebulo ndi rula yamatabwa powerenga, ndipo liwulo linkayenera kufika pa makumi awiri. Chitoliro ankafika pa khumi mpweya n'kuthawa.

Ndiye a Telala anapeza njira. Chitoliro ankaika dzanja lamanzere kumbuyo, Phee n'kuligwira. Pofika pa khumi, Chitoliro ankafinya chala cha mnzakeyo. Phee ankalowa pomwepo, pa liwu lomwelo, atawerama pang'ono, pamene Chitoliro ankangosiya pakamwa potsegula akupumira m'mphuno. Zinawatengera miyezi iwiri kuti mawu awo afanane. Pamapeto pake ngakhale Mabingu, amene ankaima pafupi, sankadziwa pomwe wina wathera ndi pomwe wina wayambira.

Loweruka lija holo yonse inaimirira.

"Mwana uyu ali ndi mapapo anayi!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Anthu anawombera m'manja Chitoliro. Phee anangopukuta chikhatho pa siketi n'kumwetulira.

Potuluka, bambo wina wa jekete yachikopa anam'patula Chitoliro n'kum'patsa kakhadi.

"Ine ndimajambula nyimbo, ndili ndi situdiyo," anatero. "Liwu lija ndaliwerenga ndekha. Ubwere Lachisanu fili koloko ndidzakuyese. Koma ubwere wekha. Magulu sindigwira nawo ntchito, amathera nthawi kukangana za amene aime patsogolo pa chithunzi."

Chitoliro sanauze munthu. Kakhadiko kanagona m'thumba la siketi yake masiku asanu, mpaka m'makona munapindika chifukwa chokagwiragwira. Akamadutsa pa shopu yometera tsitsi, pomwe wailesi inkalira tsiku lonse, ankachepetsa liwiro n'kumvetsera mpaka woulutsa atatchula dzina la woimba. Nthawi zonse linkakhala dzina la munthu mmodzi. Kumbuyo kwa kope lake lakale la masamu analembako dzina lake kasanu ndi kawiri, m'zilembo zazikulu zopendekeka.

3. Mpendero

Lachinayi a Telala anali kumaliza zovala za tsiku la mpikisano. Atatha kuimba, aliyense anayesa chake.

"Malume, thalauzili mwasokera ine kapena Mabingu?" anafunsa Wamtali, akakolo ali pamtunda.

"Ndinakuyeza Lolemba, lero wakula kale. Ndingatani ine?"

"Mum'dule miyendoyo, Malume," anatero Mabingu. "Sizasi ili pomwepo. Mundisungireko pang'ono ndidzawonjezere yangayi."

Onse anaseka, ngakhale Phee. Koma Chitoliro atatuluka kuseri kwa katani atavala diresi latsopano, anaona a Telala akutola kanthu pansi.

"Enanu pitani," anatero. "Chitoliro, tsala. Mpendero wako wapendekeka."

Anzake atatuluka, a Telala anaika kakhadi kaja pamwamba pa makina. Kenako anagwada, mapini ali pakamwa, n'kuyamba kupinda m'munsi mwa diresi.

"Kagwa m'thumba la siketi yako. Ndawerenga, usandikwiyire. Ima mowongoka."

Analavulira mapini m'dzanja.

"Ndikuuze, mwanawe. Kufuna kuti dzina lako limveke si tchimo. Inenso ndinafunapo. Tinali asanu, ine patsogolo, tsitsi langa lili lonse pamutupa. Anabwera munthu ngati ameneyu, ndipo ndinapita osatsazika. Ndinajambula nyimbo imodzi. Inamveka pa wailesi milungu itatu, ndipo ndinkaima m'makonde a shopu za eni kuti ndidzimve. Kenako kunabwera nyimbo za ena. Nditabwerera kwa anzanga ndinawapeza akuimba anayi, ndipo ankaimba bwino. Sanandikalipire ayi. Anandipatsa mpando kuti ndikhale ndimvetsere. Bola akanandimenya. Mpando umenewo ndimaumvabe kulimba kwake mpaka lero."

Chitoliro anayang'ana babu.

"Tatembenuza mpenderowu," anapitiriza a Telala. "Ukuuona msoko? Kunja suoneka. Wovala akamadutsa mumsewu anthu amati, koma nsalu iyi! Palibe amene amati, koma ulusi uwu. Ine amene ndasoka ndi amene ndikudziwa kuti nditasolola ulusi umodzi wokhawu, diresi lonse lingayambe kumasuka uli pakati pa anthu. Liwu lako lalitali lija lili ndi msoko pakati. Bambo wa kakhadiyu sanauone. Iwe ukuudziwa.

"Sindikumanga miyendo. Mawu ndi ako, sindinakusokere ine. Ndikupempha ziwiri zokha. Ukafuna kupita, uwauze anzako pamaso, makamaka amene amakugwira dzanja. Chachiwiri, usakapereke kwa munthu chinthu chimene si chako wekha. Za choko ukudziwa kale. Mawa folo koloko amene palibe, ndifufuta, ngakhale atakhala mwana wa mlongo wanga."

"Sindipita, Malume," anatero Chitoliro motsitsa mawu.

"Sindinakufunse," anayankha a Telala, n'kum'bwezera kakhadiko m'manja.

Panja anapeza Phee atakhala pa sitepe akum'dikira. Anayenda limodzi mpaka pa mphambano pomwe ankasiyanirana.

"Amati chiyani Malume?" anafunsa Phee.

"Za mpendero."

"Mpendero wautali," anatero Phee. Anapisa m'thumba n'kutulutsa maswiti awiri a pakhosi. "Lina lero, lina mawa. Usachedwe. Ukachedwa ndimasowa poika dzanja."

4. Bulawuzi yoyera

Lachisanu wani koloko Chitoliro anali akusita bulawuzi yake yoyera, ija ankavala masiku aakulu okha. Amayi ake, amene ankagwira ntchito yochapa zovala pa hotela ina, anali akuvala nsapato kuti anyamuke.

"Bulawuzi imeneyo kukasesa nayo ulusi kwa a Telala?" anafunsa.

Chitoliro anayesa kunama, koma mawu anakana. Anawaonetsa kakhadi. Amayi ake anakayang'ana mbali zonse ziwiri n'kukhala pansi, nsapato imodzi ili kuphazi.

"Ine za nyimbo sindizidziwa," anatero. "Mwina bamboyu ndi wabwino, mwina mwayi wako ndi umenewu. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Pamene unagona milungu iwiri ndi malungo, mayeso ali pakhomo, ndani ankabwera muno ndi makope? Si Phee? Ankakhala pa mpando uwo kukopera notsi, zake ndi zako, mpaka chala kutupa. Ndikam'patsa tiyi ankangogwedeza mutu. Mwananga, anthu olongolola akakhumudwa amakuuza, mumakangana, nkhani n'kutha. Anthu ofatsa sakuuza. Amangochoka pang'onopang'ono, ukadzatembenuka kumbuyo kwako kulibe munthu. Ngati wapita, bola um'tumizire uthenga."

Pokwerera basi Chitoliro anatulutsa foni n'kulemba kuti, "Ndichedwa pang'ono." Anafufuta. Analemba kuti, "Pepa." Anafufutanso. Basi itafika anaika foni m'chikwama osatumiza kanthu, n'kuika switi lachiwiri lija pakamwa.

5. M'kachipinda kagalasi

Situdiyo inali pamwamba pa shopu yokonza mafoni. Masitepe ake anali opapatiza, onunkha penti. Bambo wa jekete uja anam'landira akumwa madzi a m'botolo.

"Eya, mapapo anayi afika! Lowa umu, chemwali."

Anam'lowetsa m'kachipinda kokwana munthu mmodzi, makoma ake omatidwa masiponji, kutsogolo kuli galasi. Anam'veka mahedifoni, n'kutsitsa maikolofoni kufika pakamwa pake, kenako anatuluka n'kukakhala kuseri kwa galasi, pa tebulo la mabatani ambirimbiri.

Chitoliro anayamba kuimba. Kwa nthawi yoyamba anamva mawu ake okha akulowa m'makutu mwake, oyera ngati madzi a m'tambula. Ngakhale mpweya wake unkamveka. Anatsinzina. Umu ndi momwe ankafunira kudzimva kuyambira ali mwana.

Koma atafika pomwe Mabingu amalowa ndi mawu ake aakulu, panalibe kanthu. Pomwe Wamtali amayankha, panali zii. Anapitirizabe. Bamboyo anakweza chala chachikulu kuseri kwa galasi.

Kenako linafika liwu lalitali. Chitoliro analikwera bwinobwino. Pofika pa khumi dzanja lake lamanzere linapita lokha kumbuyo n'kufinya. Linagwira siponji ya pakhoma.

Liwu linaduka. Pakamwa pake panatsala potsegula.

"Palibe vuto, ndi mantha," anatero bamboyo kudzera m'mahedifoni. "Imwa madzi, tibwereze."

Anabwereza. Kachiwiri anafika pa khumi ndi chimodzi, maso akuchita mdima. Kachitatu mawu anasweka. Kachinayi anakhosomola mpaka misozi. Wotchi ya pakhoma inkaloza mphindi khumi pasiti folo. Ku shopu makina anali atakankhidwira kale kukhoma.

Bamboyo anam'tulutsa n'kum'khazika pampando. Anatenga foni yake n'kutsegula vidiyo imene anajambula m'holo Loweruka lija.

"Tamvera wekha," anatero. "Theka loyambali ndi labwino, sindikukana. Koma mvera kuyambira apa." Anakweza mawu. "Apa! Ukumva momwe likufewera koma osatsika? Apa ndi pomwe tsitsi langa linaima. Ndakuitanira theka limeneli."

Chitoliro anayang'ana vidiyoyo. Anadziona ali kutsogolo, pakamwa pali yasa, nyali zikumuwalira. Kuseri kwa phewa lake kunkaoneka kachidutswa kokha ka mutu wowerama.

"Lero pakhosi pakukana, zimachitika," anapitiriza bamboyo. "Tichite chonchi. Ndidula liwu la pa vidiyoli, ndilitsuke pa kompyuta, ndililumikize ku zimene waimba lerozi. Mlungu wamawa nyimbo ituluka ndi dzina lako. Palibe bodza, ndi mawu ako omwe. Si choncho?"

Anaika dzanja pa batani akudikira. Chitoliro ankamvabe kukoma kwa switi lija kumapeto kwa lilime.

"Si anga, Bambo," anatero.

"Wati chiyani?"

"Theka limenelo si langa. Ndi la mnzanga amene waima kumbuyoyo. Ine ndimathera pa khumi. Ndikam'finya chala amalowa, ine n'kungotsegula pakamwa."

Bamboyo anabwezera vidiyo kumbuyo, naionera kawiri atayandikitsa foni kumaso. Kenako anaseka mpaka kumenya tebulo.

"Zaka zonsezi ndili pa ntchito imeneyi, ndapusitsidwa ndi ana a telala! Amene anakuphunzitsani zimenezi ndi katswiri." Anapukuta maso. "Chabwino. Sunandinamize, ndipo zimenezo ndazilemba mumtima. Mubwere Lolemba m'mawa nonse awiri, iwe ndi wowerama uyu. Ukabwera wekha usakwere masitepe anga. Koma anyamatawo ayi. Mukalowa muno, za gulu zathera panja."

Anatenga kakhadi kaja n'kulemba kumbuyo kwake: Lolemba, awiri.

6. Phazi pa mzere

Basi yobwerera inaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto. Chitoliro anatsikira panjira n'kuthamanga, bulawuzi yoyera itamatirira kumsana. Anafika kuseri kwa shopu hafu pasiti faifi, dzuwa likugunda malata chammbali.

Chitseko chakumbuyo chinali chotseka. Chiyambire sanachionepo chotseka.

Anaima pa sitepe pomwe Phee anakhala dzulo lake. M'kati ankaimba. Wamtali ndi amene ankayesa kutsogolera, mawu akumukanika pokwera. Mabingu ankalowa pamalo pake mokhulupirika, koma mopanda nthabwala. Nyimbo inayenda motsimphina mpaka kumapeto.

Pofika pa liwu lalitali, onse anakhala chete. Palibe amene akanatha kuliyamba. Kunkangomveka rula ya a Telala pa tebulo. Gu. Gu. Gu. Chitoliro anawerenga nawo, chipumi atatsamiritsa pa chitseko. Zisanu. Zisanu ndi zitatu. Khumi.

Pomwepo Phee analowa. Popanda wom'finya chala, analowa pamalo pake penipeni, mofewa, osatsika, mpaka pa makumi awiri. Chitoliro anali asanalimvepo theka limeneli ali chete. Masiku onse ankakhala wotanganidwa ndi kupuma.

Anagogoda.

A Telala anatsegula. M'dzanja lawo munali kansanza, koma kanali katayamba kuuma. Anayang'ana bulawuzi yoyera, anayang'ana nkhope. Kenako anapatuka pang'ono kuti Chitoliro aone m'kati.

Anyamata awiri anali pa mizere yawo, maso ali kumbali. Phee anali pa mzere wake ndi phazi limodzi. Phazi linalo anali atalitambasulira kutsogolo, litaponda mzere wa Chitoliro.

"Kuyambira folo koloko mwana uyu wakana kuchotsa phazi," anatero a Telala. "Ndam'pempha, ndam'kalipira, ndam'kumbutsa kuti ndine malume ake. Wangoponda. Mwendo ukunjenjemera uwo, ukuuona."

"Ife tinati mwina wagundidwa ndi njinga," anatero Mabingu osam'yang'ana. "Koma munthu wogundidwa ndi njinga sasita bulawuzi."

Palibe amene anaseka.

"Anthu a makhadi ndimawadziwa," anapitiriza a Telala. "Akauona msoko amafuna ndi ulusi womwe. Ndiye usandiuze ine ndekha ngati dzulo. Uwauze onse atatuwa, pano, pamaso. Wabwera kudzaima pa mzere wako, kapena wabwera kudzatenga munthu?"

Phee anadzutsa mutu. Sanafunse komwe mnzake anali. Anangotambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, monga ankachitira tsiku lililonse nyimbo isanayambe.

Dzanja lamanzere la Chitoliro linali m'thumba la siketi, litafumbata kakhadi.